Tsiku Limene Sitima ya Tiya Inatupa

Amene ali ndi mtima wotsutsa atsutsiretu panopa, chifukwa ine ndikayamba sindiima panjira. Makamaka inu alamu anga a Fanuelo, ndakuonani kale mukupotoza mlomo. Kasitima aka kali patebulopa, kamene kutalika kwake sikupitirira mkono wanga, ndi kamene kanatinyamula ine, mlongo wanu mayi a Tiya, ndi Tiyamike mwana wanga, kuchoka padooko lathu lino mpaka kuchipatala chachikulu ku boma la Mangochi. Sekani, mano ndi anu. Koma musakagwire ndi manja a mafuta a nsombawo, ndipo mumve kaye.

Nonse mukudziwa kuti Tiya ankaopa madzi. Ali wamng'ono, atangoyamba kuyenda, bwato linatembenuka naye pamodzi ndi amayi ake pafupi ndi gombe. Madzi ake anali olekeza m'chiuno, palibe anavulala, koma kuyambira tsiku limenelo mwana wanga akangomva fungo la nyanja ankandikumbatira mwendo. Anzake akusambira, iye ali patali pansi pa mtengo, wafumbata diresi. Mwana wobadwira m'mphepete mwa nyanja kumaopa nyanja! Zinkandipweteka, koma sindinamukakamizepo.

Kuhotela ya ku Makokola kumene ndimakonza mipando ndi zitseko, pakhoma pali chithunzi chakale cha sitima ya nthunzi imene inkayenda mu Shire makolo a agogo athu ali anyamata. Ndi yathyathyathya pansi, ya nyumba zosanjikizana, chumuni chachitali pakati, ndi gudumu lalikulu kumbuyo lopalasa madzi. Ndinachijambula pafoni n'kukamuonetsa Tiya. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ababa, iyi ndiye singatembenuke, ili ndi nyumba. Iyi yokha ndingakwere."

Mukumva? Mwana akanena mawu ngati amenewo, bambo angakhale pansi bwanji?

Apa ndiyambe ndathokoza aphunzitsi anga a masamu a kusukulu ya madzulo, kumene ndinabwerera Tiya atabadwa, poopa kuti adzandifunsa za m'buku ine n'kumangokanda m'mutu. Iwo ndi amene anatiphunzitsa sikelo, kuti chinthu chachikulu ukhoza kuchichepetsa osatayapo kanthu, bola chilichonse uchichepetse mofanana. Anzanga anamva phunzirolo n'kukalembera mayeso. Ine ndinalimva n'kukagula lumo.

Thabwa ndinalipeza kuhotela komweko, chitseko chakale cha mlombwa cha m'chipinda chosungira katundu, chimene abwana anati ndikachitaye. Chitseko chimenechi muchikumbukire, chifukwa chinali chisanalawepo dontho la madzi chiyambire nthawi ya atsamunda. Ndinachicheka timatabwa topyapyala kuposa khoko la anyezi, moti tsiku lina mayi a Tiya anayetsemula ali kukhitchini ndipo denga lonse la sitima linauluka, ndinakalitola ku Nkope litatera pamsana pa mbuzi, mbuziyo ikuyenda monyada poganiza kuti aimangira khola loyenda nalo. Misomali ndinkasula kuchokera ku minga ya usipa, hamala yake unali mutu wa machesi, ndipo pokhoma ndinkayamba ndaupempha mtima wanga kuti uime kaye kugunda, chifukwa ukagunda msomali unkapindika. Chumuni ndinadula ku pampu ya njinga, mphika wa nthunzi chinali chitini cha tomato, nangula inali mbedza, ndipo gudumu lakumbuyo ndinalimanga kathabwa kamodzikamodzi mpaka maso anga anatopa n'kupita kukagona okha, ine n'kupitiriza ntchito ndi zala.

Musaganize kuti ndinangopanga zakunja zoonetsa anthu. M'katimu muli masitepe, muli timabedi ta apaulendo, lililonse ndi kaneti kake ka udzudzu, muli kakhitchini ndi timiphika, muli ngakhale kachimbudzi kokhala ndi loko wake. Nyerere ina inalowa m'kachimbudziko n'kudzitsekera, zinzake zinaima pamzere panja zikugogoda ndi kutukwana, koma iyo sinatuluke. Kabelu kake kanali kakang'ono moti kakalira ankamva ndi udzudzu wokha, n'kubwera ndi zikwama kudzafunsa ngati sitima ikufika ku Liwonde. Chiswe chinafika ndi banja lonse kuti chidye, koma chitazungulira n'kuona mmene ndinalumikizira matabwa chinachita manyazi, chinawomba m'manja mwaulemu n'kukadya mpando wa a Fanuelo. Inde alamu, mpando uja unakugwetsani pa Khirisimasi. Kaputeni ndinamusema kuchokera ku njere ya mango, ulusi wa njereyo n'kukhala ndevu zake, ndipo ndevuzo zinkakula, moti Loweruka lililonse ndinkamumeta asanayambe kuoneka ngati wamisala.

Mukuti bodza? Ankamumeta ndani, si ine?

Nthawi yonseyo Tiya anali pambali panga. Ndikaweruka kuntchito ndinkamupeza wakhala kale pakhonde, wayala chiguduli, wandandalika timatabwa mwa ukulu wake. Iye ndiye anasankha penti, yoyera kumwamba, yofiira kugudumu. Ankasuzumira pakazenera ndi diso limodzi n'kundiuza bedi limene adzagonepo iye, limene adzagonepo amayi ake, ndi langa, pafupi ndi khomo, kuti ndizilondera madzi asalowe. Masiku amenewo sindidzawaiwala.

Sitima itatha, ndinainyamula kupita nayo kwa Che Ajusa, mmisiri wa maboti wa padooko pathu, mkulu wa ndevu zoyera amene simungamuone akuseka wamba. Anavala magalasi, anaitembenuza, anayang'ana kunsi kwake, anaigogoda ndi chikhadabo.

"Mwanangu, ntchito ilipo," anatero. "Koma waviika?"

Ndinati ayi, iyi ndi yongoseweretsa mwana.

"Boti losaviika ndi kabati. Thabwa limwe madzi, litupe, mipata itsekeke. Ukatero ubwere udzandiuze kuti wapanga sitima."

Inu a kuno mukudziwa kuti ndi mmene timachitira. Boti latsopano timalimiza kaye m'madzi kuti matabwa akhute, apo ayi lidzakumwetsa nyanja pa ulendo woyamba. Mlendo wa kuhotela akanaiika m'bokosi la galasi n'kumaipukuta fumbi. Ine mwana wa kunyanja ndinamvera mkulu. Ndinatseka mipata ndi thonje ndi phula, ndinaikamo mwala woti iimize, ndinaimangirira ndi chingwe ku chikhomo m'bango muja, n'kuisiya kuti imwe.

Masana omwewo mvula inayamba. Ndikuti mvula, osati zimene mumazitcha mvula kwanu kumtunda. Inagwa mpaka achule anabwera kudzagogoda pakhomo kupempha ambulera, kampango anapezeka m'khola la nkhuku atafungatira mazira, ndipo mitambo ikatha madzi ake inkatsika kudzatunga m'nyanja n'kukweranso kukathira pamutu pathu. Mitsinje youma ija inadzuka yonse, ndipo umodzi unadula msewu wa ku boma n'kunyamula chidutswa chake kupita nacho kunyanja, anthu akuti mpaka lero nsomba za mbuna zimayenda kumanzere pa tala ameneyo.

Apa ndilankhula pang'onopang'ono, chifukwa apa sipoyenera kuseka. Mvula ili mkati, Tiya anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi. Tinaganiza kuti ndi chimfine. Kasitima ndinakaiwala m'bango muja, mtima wonse unali pa mwana. M'mawa wina tinadzuka n'kuona nthiti zake zikulowa m'kati akamapuma, mphuno zikuphiriphitha, maso ali tuu kwa ine ngati akundifunsa kuti ababa, mpweya wapita kuti. Tinathamanga naye kukachipatala kathu kakang'ono. Adokotala anamuyeza pachifuwa, anamubaya jekeseni, n'kunena kuti ichi ndi chibayo, akufunika makina a mpweya ku boma lero lomwe, koma ambulansi yaima tsidya lina la msewu wodukawo. Njira inatsala imodzi yokha, ya pamadzi.

Mwana atangomva mawu oti boti anakuwa. Anakuwa ndi mpweya wochepa womwe unatsalawo, anandikanda khosi, milomo yake inayamba kutuwa. Kumunyamula mokakamiza kukanamumaliza tisanafike n'komwe pakati pa ulendo. Kumusiya kunalinso kumutaya. Mayi a Tiya anandiyang'ana. Kenako ndinakumbukira kasitima kaja, ndipo ndinathamangira kubango.

Abale anga, bango panalibe. Panali khoma la mlombwa lalitali ngati tchalitchi, likudontha madzi, nkhwazi zitatera pamwamba pake. Chitseko chija chinali ndi ludzu la zaka zonse zija, ndipo chitangolawa madzi chinamwa, chinamwa, chinamwa, moti ngakhale mvula inkagwa chotero nyanja inatsika, asodzi a ku Chembe anadzuka n'kupeza mabwato awo ali pamchenga, chambo chikuyenda wapansi kufunsa anthu kumene madzi alowera. Ndipo poti ndinatsata sikelo ya aphunzitsi anga, chilichonse chinatupa mofanana, palibe chinapitirira chinzake. Minga ya usipa inasanduka misomali yonenepa ngati mkono wanga, chitini cha tomato chinakula ngati thanki ya pasukulu, timabedi tinakhala mabedi enieni ndi maneti ake. Mwala wokha ndi umene sunatupe, poti mwala sumwa madzi, ndinaupeza kaputeni akukwechera zidendene. Kaputeniyo anali ataima pamwamba, mimba ngati ng'oma, ndevu zofika m'mawondo, thupi lonse likununkhira mango akupsa, ndipo atandiona anakuwa kuti, "Iwe mmisiri, ukuyang'ana chiyani? Bwera nayeni mwanayo!"

Mukumva, alamu? Tsekani pakamwa, mulowa ntchentche.

Ndinabwera naye Tiya m'manja. Atakweza maso n'kuiona, kulira kunatha. Ananong'ona kuti, "Ili ndi nyumba." Tinakwera, ndipo ndinamugoneka pabedi lomwe lija anasankha yekha.

Vuto linali moto, chifukwa nkhuni zonse za m'mudzi zinali zitanyowa. Pamenepo chitseko cha chimbudzi chinatseguka, n'kutuluka nyerere ija, nayonso itatupa ngati mwana wa ng'ombe, ikudandaula kuti m'mimba munali mutaivuta. Ndinaipatsa fosholo n'kuiuza kuti ulendo waulere kulibe, isonkhezere moto. Tinaponyamo zitsononkho, tinaponyamo mphasa yakale, kenako ndinaponyamo makope anga onse a masamu, ndipo masamu ake anali ovuta moti motowo unatuluka thukuta, nthunzi inadzaza mphika uja mpaka chizindikiro cha tomato chinapsa n'kununkhira ngati ndiwo. Kaputeni anakoka chingwe, sitima inalira, kulira kwake kunakwera mapiri a ku Namwera n'kukafika ku Chiponde, kumene a pachipata cha malire anakweza chotchinga n'kuchita sawatcha poganiza kuti kukubwera munthu wamkulu, ndipo tsidya la Mozambique atambala onse analira kachiwiri.

Gudumu litayamba kuzungulira, tinanyamuka. Linkatunga chambo m'madzi n'kuchiponya m'mwamba, chambo n'kugwera m'chumuni, n'kutulukamo chowotchawotcha, n'kukagwa ngati matalala kwa Mpondasi, kumene amayi ankathamanga ndi mbale kudzanja lina, mchere kudzanja lina, akuthokoza Mulungu aliyense m'chipembedzo chake. Polowa mu Shire tinapeza mvuu yaimuna itatseka njira, yoti asodzi onse amaiopa, koma gudumu langa linainyamula, linaizunguza, linaichapa, linaitsukuluza, n'kuiponya kumbuyo ili mbee ngati nsalu ya ubatizo, moti mkazi wake anaikana kuti mwamuna wanga si uyu. Ng'ona zitaona zimenezo zinaima pamzere kuti nazonso zichapidwe, koma tinalibe nthawi. Tinkathamanga moti chithunzithunzi cha sitima chinatsalira m'mbuyo, chinadzafika ku boma madzulo pakabaza, chitatopa, chikufunsa anthu ngati ationa.

Kutsogolo kunali mlatho. Shire anali atadzaza, chumuni chinali chachitali, ndipo apa ndi pamene ndinakumbukira kuti mabuleki sindinaike, poti pachithunzi paja sankaoneka. Kaputeni anatseka maso n'kuyamba kulapa machimo a mitengo yonse ya mango. Ine ndinakwera padenga, ndinaimika mapazi, ndipo mlatho utafika ndinaukweza ndi dzanja lamanzere monga umakwezera neti ya udzudzu polowa pabedi, pamwamba pake pali minibasi yodzaza, kondakitala akuitanabe anthu a ku Namwera osadziwa kuti ali m'mitambo. Titadutsa ndinaubwezera pamalo pake bwinobwino, nyerere inaponya nangula tili pafupi kulowa m'nyanja ya Malombe, nangulayo anakola pansi pa mtsinje, ndipo tinamukoka Shire yense ngati mphasa mpaka boma linabwera lokha pamene tinali. Ndinatsika ndi mwana m'manja, ndinathamanga, mayi a Tiya ali pambuyo ndi chitenje kumutu.

Kuchipatala anatilandira anamwino ena aafupi, amene dzina lawo sindinafunse n'komwe, ndipo ndimadandaula mpaka lero. Sanatifunse zambiri. Anamulanda Tiya m'manja mwanga, anamuika timapaipi m'mphuno, anamuika diripi, n'kundiuza kuti bambo khalani pansi. Ndinakhala pansi pasimenti ndikuyang'ana nthiti za mwana wanga. Pang'onopang'ono zinasiya kulowa m'kati. Tsiku limene anapempha phala, ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa mtengo, kuti amayi ake asandione.

Tsiku lomwelo dzuwa linatuluka, dzuwa lenileni la Mangochi, lija limaumitsa usipa usanafike pathandala. Nditapita kumtsinje kukaona sitima yanga, ndinapeza thabwa lauma, labweza madzi onse amene linamwa, ndipo ndi chifukwa chake nyanja inakwera chaka chimenecho mpaka kulowa m'mabwalo a mahotela. Sitima inali itabwerera mwakale, ili pamatope ngati mukuionera apa, kaputeni ali njere ya mango, nyerere itadzitsekeranso m'chimbudzi. Ndinaitola n'kuiika m'khwapa.

Mukupukusabe mutu, alamu? Chabwino, mboni ndi iyi ikubwerayi. Tiya, bwera kuno mayi. Auze amalume ako, tsiku lija tinakwera chiyani?

"Boti la agogo Che Ajusa."

Iwe, ganiza bwino. Nanga sitima?

"Sitima inali pamiyendo panga. Inandinyowetsa diresi."

Mwaona ana a masiku ano? Umawadyetsa, umawaveka, n'kudzakugwetsa pamaso pa alamu ako.

Chabwino. Boti linali la Che Ajusa. Nditabwera kuchokera kubango ndi kasitima kakudontha madzi, ndinawapeza atalitsitsa kale m'madzi, injini ili kumbuyo, popanda amene anawapempha. Anali atapinda lona pamwamba pa nsungwi kuti pakhale ngati kanyumba. Ine ndinagwada pamchenga, ndinaika kasitima m'manja mwa Tiya n'kumuuza kuti mayi, sitima yako yafika, suzumira pazenera upeze bedi lako, usayang'ane kwina. Anaika diso pakazenera, ndipo ndinamunyamula choncho kulowa naye m'boti. Amayi ake ankazunguza kagudumu ndi chala ulendo wonse. Ndipo Che Ajusa, mkulu uja simunamuonepo akuseka, munthu woti ana amathawa akamadutsa, anakhala pa injini mvula ikutsika m'ndevu, akufuula ndi pakamwa pake kuti, "Puuu! Puuu! Sitima ya Che Tiya ikudutsa, mvuu zipatuke!" Mawu anawathera tisanalowe mu Shire, koma sanasiye, ankangotulutsa kamphepo. Titafika ndinawagwira dzanja ndi manja anga onse. Iwo anati, "Thamanga naye, mwanangu. Udzandithokoza akadzabwera yekha padooko ndi miyendo yake."

Ndiye ndiuzeni inu anzeru. Boti la Che Ajusa lakhala padooko paja zaka zonsezi, ndipo mwana wanga ankalithawa ngati ng'ona. Tsiku lija sanaone boti, sanaone nyanja, sanaone Shire. Anali m'kati mwa nyumba iyi, pabedi lake, bambo ake ali pakhomo kulondera madzi. Chinamuwolotsa n'chiyani?

Ndipo zoti inatupa musatsutse. Pukutani dzanja, alamu, mukoke kachitseko aka. Kokani ndithu. Mwaona? Sikatseguka, kanatupira m'mphuthu mwake, ndipo Che Ajusa atakayesa anagwedeza mutu n'kunena kuti tsopano ndapanga sitima. Apa pamene kampanda kam'mbali kanathyoka ndi pamene panagwira zala za Tiya. Ndili ndi thabwa, ndili ndi guluu, ndikhoza kukonza lero lomwe, koma sindidzakonzapo.

Inatupa, ndikutero ine, ndipo ndinalipo. Tsopano tafutukulani miyendo yanuyo mwini sitima adutse. Wamanga kale chingwe, akupita nayo kudooko kwa agogo ake Che Ajusa, ndipo masiku ano amalowa nayo m'madzi mpaka m'mawondo.